Zinthu 7 zodabwitsa zimene aphunzitsi a sitatisitiki sakonda kuzidumpha

Pamsonkhano munthu akangotchula peresenti, ena onse amati zii ngati mlandu watha. Odziwa ntchito ya ziwerengero sachita choncho, amayamba afunsa kuti nambalayo yachokera kuti ndipo yadutsa m'manja mwa ndani. Nkhani zili m'munsizi ndi zina mwa zimene zinawaphunzitsa khalidwe limeneli.

1. Anafunsa anthu mamiliyoni, n'kuphonyabe. Mu 1936 magazini ya ku America yotchedwa Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere pachisankho cha pulezidenti, ndipo oposa 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Alf Landon apambana. Tsiku litafika, Franklin Roosevelt anatenga zigawo 46 mwa 48. Mayina ambiri anawatola m'mabuku a manambala a telefoni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, pa nthawi imene osauka analibe zinthu zimenezi, komanso amene anavutikira kubweza kalata anali makamaka odana ndi boma. George Gallup anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza ndi amenewa, koma iye ndiye analasa. Wophika samwa mphika wonse kuti adziwe ngati mchere wakolera. Amatakasa kaye, n'kulawa pang'ono. Chofunika n'kutakasako. N'chifukwa chake ofesi ya National Statistical Office ku Zomba ikamachita kafukufuku wa m'makomo imasankha madera mwamaere kuchokera pa mndandanda wa kalembera, osati kungoima pamsika.

2. Dipatimenti iliyonse ikhoza kukhala yosakondera, koma yunivesite yonse n'kuoneka yokondera. Mu 1973 University of California ku Berkeley inalandira amuna 44 pa 100 alionse amene anapempha malo a maphunziro apamwamba, koma akazi 35 okha. Akatswiri atagawa manambalawo potsata madipatimenti, anapeza kuti m'madipatimenti ambiri akazi ankalandiridwa mofanana ndi amuna, mwinanso kuposa. Chinachitika n'chakuti akazi ambiri ankapempha malo kumene mpikisano unali woopsa kwa aliyense, pomwe amuna anachuluka kumene khomo linali lotakata. Chodabwitsachi chimadziwika ndi dzina la Simpson. Chimabisala paliponse pamene tiphatikiza magulu osiyana, monga poyerekeza imfa za pachipatala chachikulu cholandira odwala kwambiri ndi za pachipatala chaching'ono chimene chimawatumiza kumeneko.

3. Manambala anayi ofanana, zithunzi zinayi zosiyana. Mu 1973 Francis Anscombe anakonza magulu anayi a manambala, lililonse la madontho 11. Onse ali ndi avareji yofanana, 9 mbali ina ndi 7.5 mbali inayo, ndipo kompyuta imawajambulira mzere umodzimodzi. Koma mukawaika pagalafu, limodzi ndi lopindika ngati uta, lina ndi mzere woongoka umene wasokonezedwa ndi dontho limodzi losochera, linanso madontho ake onse andandalika pamzere umodzi woimirira kupatula limodzi. Wophunzira amene waona zithunzi zimenezi kamodzi sayambanso kuwerengera asanajambule.

4. Excel inameza odwala 15,841. Kumayambiriro a Okutobala 2020, bungwe la Public Health England linazindikira kuti anthu ochuluka chonchi, amene anapezeka ndi Covid-19, sanalowe m'malipoti a tsiku ndi tsiku. Zotsatira zochokera kumalabotale zinkaikidwa m'mafayilo a mtundu wakale wa Excel, umene umathera pa mzere wa 65,536. Fayilo ikadzaza, zotsalazo zinkangotayika mwakachetechete, ndipo amene anakhudzana ndi odwalawo sanalondoledwe pa nthawi yake. Pulogalamu yomweyi ili ndi chizolowezi china: ikaona SEPT2 kapena MARCH1, omwe ndi mayina a majini, imawasandutsa madeti. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza vutoli m'pepala limodzi mwa asanu alionse amene anali ndi mindandanda ya majini ya mu Excel. Mapeto ake, mu 2020, asayansi ndiwo anagonja n'kusintha mayinawo kukhala SEPTIN2 ndi MARCHF1. Sikuti Excel ndi yoipa. Vuto lake n'lakuti imakukonzerani zinthu musanaipemphe, ndipo siinena.

5. Njira yoyesera imene ophunzira amaitcha t-test inabadwira kofululira mowa. William Gosset ankagwira ntchito ku Guinness ku Dublin, ndipo ankafuna njira yoweruzira ubwino wa balere ndi zofululira zina kuchokera pa zitsanzo zochepa. Kampani sinkalola antchito kusindikiza m'dzina lawo, choncho mu 1908 anasaina kuti Student.

6. Pulogalamu ina yamphamvu kwambiri pa ntchitoyi ndi yaulere. R anaiyamba aphunzitsi awiri a ku University of Auckland ku New Zealand, Ross Ihaka ndi Robert Gentleman, kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, ndipo dzinalo likuchokera ku chilembo choyamba cha mayina awo. SPSS ndi yakale ndithu, ya mu 1968, ndipo IBM inaigula mu 2009. Iyo ndi Stata zimafuna layisensi yolipira. Ambiri amakonda SPSS chifukwa umangodina mabatani. Ine ndimaona kuti mwayi waukulu wa R si ulerewo ayi. Mu R umakakamizika kulemba sitepe iliyonse, ndipo mnzako, kapena iwe wemwe pakatha miyezi isanu, akhoza kubwereza zonse n'kuona pamene panakhota. Wodina mabatani amaiwala kuti anachotsa mizere iti dzana.

7. Kuchulukitsa kolakwika kunathandiza kumangitsa mayi wosalakwa. Sally Clark, loya wa ku England, anataya ana ake aamuna awiri ali makanda, wina mu 1996 ndi wina mu 1998. Pamlandu womuganizira kuti anawapha, mu 1999, dokotala wa ana Roy Meadow anauza khoti kuti mwayi woti ana awiri a m'banja lotere afe mwadzidzidzi popanda chifukwa chodziwika ndi umodzi pa 73 miliyoni. Anatenga umodzi pa 8,543 n'kuchulukitsa ndi nambala yomweyo, ngati kuti imfa ziwirizo sizikhudzana, chikhalirecho ana a mimba imodzi amatengera magazi amodzi ndipo amagona m'nyumba imodzi. Cholakwa chachiwiri chinali chachikulu kuposa pamenepa: kusowa kwa imfa zoterezi sikutanthauza kuti mayiyo ndi wakupha, poti mayi kupha ana ake awiri nakonso n'kosowa kwambiri, ndipo ziwirizi zimayenera kuyerekezedwa. Bungwe la Royal Statistical Society linatsutsa nambalayo poyera mu 2001. Clark anamasulidwa mu Januwale 2003, zitadziwika kuti zotsatira za kulabotale zosonyeza kuti mwana wachiwiri anali ndi matenda sizinaperekedwe kukhoti. Anali atakhala m'ndende zaka zoposa zitatu, ndipo anamwalira mu 2007.