Kodi dzuwa la Okutobala limaduladi sipuling'i ya chitseko cha galaja?

Okutobala akafika, zitseko zachitsulo zimayamba makani. M'mashopu a mu Limbe, chitseko chokulunga chija chimene mnyamata mmodzi amachikweza yekha mu Juni, pano chimafuna anthu awiri, kwinaku chikulira mogonthetsa m'khutu. Ku Mpingwe, m'nyumba zomwe zili ndi galaja, nkhani ndi yomweyo. Ndiye tsiku lina mumangomva kuti phwaa, ngati kwalira mfuti: sipuling'i yaduka, galimoto yatsekeredwa mkati. Anthu ambiri amangoti, "Ndi kutenthaku, chitsulo chafewa." Kodi n'zoona? Tiyeni titenge cholembera tiwerengere limodzi, chifukwa yankho lake likhoza kupulumutsa ndalama za makolo anu, ngakhalenso zala za munthu.

Amene amanyamula chitseko ndi ndani?

Tiyerekeze kuti chitseko chikulemera makilogalamu 60, kuposa thumba la simenti. Nanga zimatheka bwanji kuti mwana wa Fomu 2 achikweze? Chinsinsi chili pamwamba paja, pomwe pali chitsulo chopingasa. Pamenepo pali sipuling'i, waya wolimba wopiringizidwa, nthawi zina wobisika mkati mwa chimpukutu chomwe chitseko chimakulungikapo.

Mukamatsitsa chitseko, kulemera kwake kumapota sipuling'i ija. Mukamakweza, sipuling'i imamasuka n'kubweza mphamvu yomwe inasunga. Inu mumangothandizira pang'ono chabe. Ngakhale pa chitseko cha mota, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi sipuling'i.

Lamulo lake analifalitsa Robert Hooke wa ku England mu 1678, ndipo mumakumana nalo mu Physics: F = kx. Ukakoka kapena kupota sipuling'i kawiri kuposa poyamba, nayo imalimbana nawe ndi mphamvu yowirikiza kawiri. Chilembo cha k chikuimira kuuma kwa sipuling'iyo. Choti musaiwale ndi ichi: sipuling'i imakhala yopotedwa kwambiri chitseko chikakhala chotseka, nthawi yomwe chilichonse chikuoneka ngati chili phee.

Chitsulo chikatentha chimatalika, koma motani?

Chitsulo chikatentha, maatomu ake amanjenjemera kwambiri ndipo aliyense amafuna malo okulirapo, choncho chitsulocho chimatalika. Aphunzitsi amati thermal expansion. Ichi n'chifukwa chake njanji zolumikizidwa ndi mabawuti amazisiyira kampata pomwe zakumana. Mukadzadutsa pafupi ndi njanji ku Limbe, mudzakumbukire zimenezi.

Pa chitsulo cha steel, mita imodzi imatalika pafupifupi mamilimita 0.012 kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Tsopano tenga sipuling'i ya mapindi 100, pindi lililonse lotambalala masentimita 5. Mutaiwongola, wayayo angatalike pafupifupi mamita 16. Masana a Okutobala mu Blantyre kutentha kumafika cha m'ma 30, ndipo mkati mwa galaja ya malata kumapitirira pamenepo. Tinene kuti kuchoka m'mamawa kufika masana sipuling'i yatentha ndi madigiri 20. Ndiye 16 × 20 × 0.012 zikutipatsa mamilimita 3.8. Pa waya wa mamita 16, kutalikako n'kochepa kuposa njere ya chimanga. Sikungadule kanthu.

Chomwe chimamva dzuwa kwenikweni ndi chitseko chenichenicho. Chitsulo cha penti yakuda chikakhala padzuwa chikhoza kufika madigiri 60. Chitseko chotambalala mamita 3 chikatentha ndi madigiri 40 chimakula ndi mamilimita 1.4, ndipo chikakhala cha aluminiyamu kukulako kumayandikira mamilimita 3. Komanso mbali yakunja imatentha kuposa yamkati, ndiye chitseko chimakhota pang'ono. Ngati amisiri sanasiye mpata wokwanira m'tinjira ta m'mbali momwe chimayenda, chimayamba kukhula. Kulira kuja ndi kuuma kuja nthawi zambiri kumachokera apa.

Nanga zoti chitsulo chafewa?

Pali kachoonadi pang'ono. Steel ikatentha, k uja amatsikadi, koma mochepa zedi: pa madigiri 20, sipuling'i imataya pafupifupi theka la peresenti ya mphamvu yake. Pa chitseko cha makilogalamu 60, zili ngati wina wakusenzetsani magalamu 300 owonjezera, osafika n'komwe theka la paketi ya shuga. Ndipo kukazizira madzulo, mphamvuyo imabwerera yonse.

Komwe kusintha kochepa chonchi kunavutitsa anthu ndi m'mawotchi. Wotchi yakale yoyendera kasipuling'i kachitsulo inkatsalira pafupifupi masekondi 10 pa tsiku kutentha kukakwera ndi digiri imodzi yokha, ndipo oyendetsa sitima zapanyanja ankadalira wotchi kuti adziwe pomwe ali. Charles Édouard Guillaume wa ku Switzerland anapanga zitsulo zosakaniza zotchedwa Invar ndi Elinvar, zomwe sizisintha kwenikweni ndi kutentha, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1920. Wotchi imafuna zimenezo. Chitseko cha galaja ayi.

Kuti sipuling'i ifewe mpaka kalekale, pamafunika kutentha kwa madigiri mazana angapo, monga komwe amaitenthera kufakitale poikhwimitsa. Dzuwa la ku Mpingwe silingafike pamenepo, ngakhale la ku Nsanje komwe kumapitirira madigiri 40. Koma moto wa owotcherera umafika, chifukwa umasungunula chitsulo pa madigiri oposa 1,400. Mfundo imeneyi tiibwerera.

Adani enieni: girisi wothawa, fumbi ndi dzimbiri

Ikani majarini padzuwa muone. Girisi nayenso akatentha amapyapyala, n'kuyamba kudontha kuchoka pomwe akufunika. Wotsalayo amauma. Mapindi a sipuling'i amayamba kukhudzana chitsulo kwa chitsulo.

Kenako fumbi. Pofika Okutobala mvula imakhala italeka miyezi ingapo, mphepo ikuulutsa dothi paliponse. Fumbi likamatirira pa girisi limasanduka phala lokhakhala lomwe limapala waya ngati sandipepa, chitseko chikamakwera ndi kutsika.

Pomaliza mvula ya Novembala ndi Disembala imapeza waya ali wopalika, wopanda mafuta omuteteza. Ayironi ikakumana ndi madzi ndi mpweya wa okosijeni pamabadwa dzimbiri, ndipo kukafunda dzimbiri limayenda msanga. Ikadzatha mvula, chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimabweretsanso chinyezi chake. Dzimbiri limasiya timaenje pawaya, ndipo timaenjeti ndi pomwe mng'alu umayambira.

Chitsulo chimatopa

Tengani kawaya kofewa, mukapinde uku ndi uku kambirimbiri. Kamaduka, eti? Chonsecho simunakakoke ndi mphamvu yoti n'kukadula kamodzin'kamodzi. Kupinda kulikonse kumakulitsa kamng'alu kosaoneka ndi maso, mpaka chitsulo chotsala chimalephera kupirira. Akatswiri amati metal fatigue, kutopa kwa chitsulo. August Wöhler, injiniya wa njanji ku Germany, anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, pofuna kudziwa chifukwa chomwe zitsulo zogwira mateyala a sitima zinkathyokera mwadzidzidzi.

Masipuling'i ambiri a zitseko za galaja amapangidwa kuti apirire kutsegula ndi kutseka maulendo pafupifupi 10,000. Banja lomwe limatsegula ndi kutseka kanayi pa tsiku limatha maulendo 1,460 pa chaka, ndiye kuti zaka zosakwana 7. Dzimbiri ndi kupalika zimadula zakazi. Chitseko chikamakhula, anthu amachikoka mwankhanza, ndipo kugwedeza kumeneko n'kumene kumamalizitsa waya yemwe anali atang'aluka kale. Ndiye sipuling'i ikaduka mu Okutobala, dzuwa limangokhala lapezeka pamalo a ngozi. Mng'alu unayamba kalekale.

Zoti muchite, ndi zoti musayerekeze

Nthawi yabwino yosamalira chitseko ndi kawiri pa chaka: mu Seputembala kusanatenthetse, ndi mu Epulo mvula ikatha. Pukutani tinjira ta m'mbali ndi kansalu kuti fumbi ndi girisi wakale zichoke. Osathiramo girisi wambiri, chifukwa ndiye amene amakola fumbi. Ngati sipuling'i ikuonekera, munthu wamkulu aipake mafuta opepuka a makina pang'ono chabe, osailowetsa zala. Mafuta ophikira ayi, amanata n'kusanduka ulimbo. Oyilo wakuda wochotsedwa mu injini ayinso, ali kale ndi tizidutswa ta zitsulo. Yang'anani dzimbiri, kapena mpata wachilendo pakati pa mapindi.

Pali mayeso osavuta omwe mungachite muli ndi munthu wamkulu. Kwezani chitseko ndi manja mpaka pakati, muchisiye pang'onopang'ono, mapazi ali kutali. Chikaima pomwepo, sipuling'i ili bwino. Chikamatsika chokha, yafooka ndipo pafunika mmisiri. Ngati n'cha mota, yambani mwachilekanitsa ndi motayo chili chotseka. Mayesowa ndi ofunika chifukwa mota imabisa vuto, ndipo mumadzalizindikira tsiku lomwe magetsi azima.

Tsopano zoopsa. Chitseko cha makilogalamu 60 chotalika mamita 2 chikamakwera, pakati pake pamakwera mita imodzi. Mwa E = mgh, imeneyo ndi mphamvu ya majulo pafupifupi 600, yofanana ndi thumba la simenti la makilogalamu 50 likugwa kuchokera pamtunda wa mamita 1.2. Yonseyo yakhala mu sipuling'i chitseko chikatsekedwa. Mukamasula bawuti yolakwika, imatuluka m'kuphethira kwa diso, n'kuthyola zala kapena kuphulitsa diso. Kumanga kapena kumasula sipuling'i ndi ntchito ya mmisiri wodziwa, wokhala ndi zida zake.

Ndipo wina akanena kuti, "Tingoiwotcherera, bwana, n'zotchipa," auzeni makolo anu akane. Moto uja umawononga kukhwima kwa waya pomwe wawotchapo, ndiye idzadukanso pomwepo, mwina wina ali pansi pa chitseko. Sipuling'i yoduka imafuna yatsopano ya saizi yoyenera, ndipo ngati zili ziwiri, ndi bwino kusintha zonse chifukwa zakalambira limodzi.

Yesani nokha

Pezani timawaya tiwiri tofanana. Kamodzi mukapale pang'ono ndi mwala pakati, kenako mupinde tonse tiwiri mofanana mukuwerenga. Kodi kopalidwa kaduka pa ulendo wachingati, nanga kanzake? Mukamaliza, nali funso loti mukakambirane m'kalasi: shopu ina imatsegula ndi kutseka chitseko chake kawiri pa tsiku, masiku 6 pa sabata. Kodi sipuling'i ya maulendo 10,000 iwatha zaka zingati, ndipo n'chifukwa chiyani ikhoza kuduka nthawiyo isanakwane?