Mabuku a ogwira ntchito akusamukira pa intaneti: zatsopano zake ndi zofunika kusamala

Kumapeto kwa mwezi uliwonse mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaumoyo ndi mlangizi wa zaulimi amayembekezera malipiro. Kuti ndalamazo zifike kwa mwini wake, payenera kukhala buku lolondola losonyeza amene analembedwa ntchito, giredi yake, malo amene akugwirako ntchito, msonkho woti adulidwe komanso masiku a tchuthi amene watenga. Kale bukuli linali mafayilo a mapepala osungidwa m'makabati. Kenaka linalowa m'makompyuta a mu ofesi. Masiku ano makampani ndi maboma ambiri padziko lapansi akulisunga pa intaneti, m'njira imene akatswiri amaitcha cloud.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya akatswiri a makompyuta okha, koma ikukhudza wadi iliyonse. Chikhazikitsireni ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma aang'ono mu 1998, ntchito zambiri zoyang'anira aphunzitsi a m'sukulu za pulayimale ndi ogwira ntchito zaumoyo zakhala zikutsikira ku makhonsolo. Buku likalakwika, mphunzitsi amasiya ana m'kalasi n'kupita kuboma kukalondola malipiro ake. Dzina la munthu amene anamwalira kapena anasiya ntchito likatsala pa mndandanda, ndalama zimapita kwa mzukwa pamene chipatala chikusowa namwino.

Kodi cloud n'chiyani?

Mawu akuti cloud amatanthauza mtambo, koma mafayilo sakhala kumwamba ayi. Amakhala m'makompyuta akuluakulu, m'nyumba zotetezedwa za kampani yogulitsa pulogalamuyo, ndipo nyumbazo zikhoza kukhala ku Johannesburg, ku Frankfurt kapena ku America. Wogwira ntchito mu ofesi amatsegula pulogalamu kudzera pa intaneti, n'kulemba kapena kuwerenga zimene akufuna. Zimafanana ndi ndalama za pafoni: foni ikatayika ndalama sizitayika, chifukwa zinalembedwa kwina.

Kusiyana kwake ndi njira yakale kuli pawiri. Poyamba, pulogalamu inkagulidwa kamodzi n'kuikidwa m'kompyuta ya mu ofesi, ndipo inkakhala mmene inaliri mpaka katswiri atabwera kudzaikonza. Pa cloud, bungwe siligula pulogalamu koma limachita lendi, ndipo limalipira pamwezi kapena pachaka, kawirikawiri molingana ndi chiwerengero cha ogwira ntchito. Chachiwiri, amene amasintha pulogalamuyo ndi kampani yogulitsa, ndipo zosinthazo zimafika kwa makasitomala onse pa nthawi imene kampaniyo yaika.

Zosintha zili ndi nyengo yake

Makampani akuluakulu ali ndi kalendala ya zosintha. Workday ya ku America imatulutsa zosintha zikuluzikulu kawiri pachaka, mu Malichi ndi mu Seputembala. SuccessFactors, pulogalamu ya kampani ya SAP ya ku Germany, nayonso imasinthidwa kawiri pachaka. Microsoft imayamba kutulutsa zatsopano za pulogalamu yake ya Dynamics 365 mu Epulo ndi mu Okutobala. Dzina la SAP si lachilendo m'dziko muno, popeza makina atsopano oyendetsera chuma cha boma a IFMIS, amene anayamba kugwira ntchito mu 2020, anamangidwa pa pulogalamu ina ya kampani yomweyo.

Zosintha zisanafike mu pulogalamu yeniyeni, makampaniwa amapatsa makasitomala milungu ingapo yoti ayesere zatsopanozo pamalo apadera, pomwe kulakwitsa sikuononga kanthu. Ofesi yosamala imagwiritsa ntchito mpata umenewu kuwerengera malipiro a mwezi wathunthu mongoyeserera, n'kuona ngati akufanana ndi a mwezi wapitawo. Ofesi imene yanyalanyaza kuyesaku imadzazindikira vuto anthu atalandira kale ndalama zopelewera.

Zatsopano zinayi zimene zikufala

Choyamba ndi chakuti wogwira ntchito amadzionera yekha fayilo yake pafoni. Amaona pepala la malipiro, amapempha tchuthi, amaona masiku amene amutsalira, ndipo amapempha kuti akonze dzina kapena nambala ya akaunti ngati zalakwika. Kwa munthu wogwira ntchito kutali ndi kuboma, zimenezi zimapulumutsa ndalama zoyendera ndi tsiku lonse la ntchito. Zimachepetsanso mchitidwe wouza munthu kuti fayilo yake yasowa.

Chachiwiri ndi mapazi amene aliyense amasiya mu pulogalamu. Munthu akawonjezera dzina, akakweza giredi kapena akasintha akaunti ya kubanki, pulogalamu imalemba dzina la wosinthayo, tsiku, nthawi komanso zimene zinalipo poyamba. Mapulogalamu ambiri amalolanso kugawa mphamvu, kotero kuti wolemba dzina latsopano sangakhale yemweyo wovomereza kuti lilipidwe. Kufunika kwa zimenezi Amalawi akukudziwa bwino. Pa nkhani ya Cashgate mu 2013, akatswiri owerengera ndalama a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti malipiro ena achinyengo ankalowetsedwa mu IFMIS yakale kenaka n'kufufutidwa ndalama zitatuluka. Mabiliyoni a makwacha anapita motero.

Chachitatu ndi kufufuza zokayikitsa malipiro asanatuluke. Pulogalamu imayerekeza mndandanda wa mwezi uno ndi wa mwezi watha, n'kuonetsa mayina awiri amene ali ndi akaunti imodzi, munthu amene wapitirira zaka zopumira pantchito koma akulandirabe, kapena malipiro amene akwera mosadziwika bwino. Ntchitoyi imaphweka ngati wogwira ntchito aliyense ali ndi nambala imodzi yosabwerezeka. M'Malawi nambala yotere ilipo: mu 2017 bungwe la kalembera la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chitupa cha unzika. Nambala ya chitupa ikalumikizidwa ndi mndandanda wa malipiro, dzina lopeka limavuta kubisala.

Chachinayi, chimene chatchuka kwambiri kuyambira 2023, ndi mapulogalamu othandiza otchedwa AI, amene amayankha mafunso olembedwa m'mawu wamba. SAP inalengeza pulogalamu yake yotchedwa Joule mu Seputembala 2023, ndipo Microsoft ili ndi Copilot. Mkulu wa ofesi akhoza kufunsa kuti ndi anthu angati adzapume pantchito chaka chamawa, kapena kupempha kuti pulogalamu ilembe kalata yolengeza mpata wa ntchito. Komabe mapulogalamuwa nthawi zina amapereka yankho lolakwika molimba mtima ngati loona. Mayiko a mu mgwirizano wa European Union, m'lamulo lawo la 2024 lokhudza AI, anaika mapulogalamu osankha anthu ofuna ntchito m'gulu la zinthu zofunika kuziyang'anira kwambiri, chifukwa akhoza kukondera mosaonekera. Kulemba ntchito, kukweza kapena kuchotsa munthu kuyenera kukhalabe chiweruzo cha munthu amene angafunsidwe zifukwa.

Malamulo a kuno sabwera okha mu pulogalamu

Pulogalamu yopangidwa ku Germany kapena ku America sidziwa payokha malamulo a ntchito a ku Malawi pokhapokha wina atawalowetsamo. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pamlungu tchuthi cha masiku osachepera 18 pachaka, ndipo wogwira masiku asanu amalandira osachepera 15. Mayi woyembekezera ali ndi ufulu wa tchuthi cha milungu isanu ndi itatu, akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Lamulo la penshoni limafuna kuti pa K100 iliyonse ya malipiro, wolemba ntchito aikepo ndalama zosachepera K10 ndipo wogwira ntchito adulidwe zosachepera K5. Msonkho wa PAYE umene umadulidwa pa malipiro umapita ku MRA, ndipo magawo ake amatha kusintha Nyumba ya Malamulo ikavomereza ndondomeko yatsopano ya zachuma.

Manambala amenewa akalowetsedwa molakwika, pulogalamu imalakwitsa kwa anthu onse nthawi imodzi, mwezi ndi mwezi, popanda kutopa. Kalaliki wolemba pamanja akalakwitsa amapweteka munthu mmodzi. Pulogalamu ikalakwitsa imapweteka boma lonse. N'chifukwa chake eni mabizinesi, makopaletivu ndi sukulu zoyima pazokha amene akuganiza zolembetsa pulogalamu yotere ayenera kufunsa wogulitsa kuti ndani adzasinthe magawo a msonkho akasintha, ndipo adzatero pakatha masiku angati.

Kumene kuli ngozi

Kusunga mafayilo kutali kuli ndi phindu lake: moto, chiswe kapena madzi osefukira zikaononga ofesi, mbiri ya ogwira ntchito imapulumuka. Koma kulinso ndi zovuta zimene zinaonekera kale m'mayiko ena.

Mu Disembala 2021 akuba a pa intaneti anatseka makompyuta a pulogalamu yotchedwa Kronos, imene mabungwe ambiri ku America, kuphatikizapo zipatala, ankagwiritsa ntchito polemba maola a ntchito ndi kukonza malipiro. Kwa milungu ingapo mabungwewo anabwerera ku mapepala, ndipo ogwira ntchito ena analandira ndalama zosakwanira. Pa 19 Julaye 2024 kampani ya chitetezo cha makompyuta ya CrowdStrike inatumiza zosintha zimene zinali ndi vuto, ndipo malinga ndi Microsoft, makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anasiya kugwira ntchito. Ndege zinalephera kunyamuka, ndipo mabanki ndi zipatala zinasokonekera. Pulogalamuyo sinali ya malipiro, koma phunziro lake n'lomveka: zosintha zochokera pamalo amodzi zimafalitsa vuto mwachangu monga mmene zimafalitsira zabwino.

Palinso zovuta za kuno kwathu. Pulogalamu ya pa cloud imafuna magetsi ndi netiweki, zinthu zimene sizidalirika m'madera ambiri a kumidzi. Lendi ya mapulogalamu akunja nthawi zambiri imawerengedwa m'madola, choncho kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa zinthu zotere m'makwacha unakwera tsiku limodzi. Bungwe likalephera kulipira lendi, likhoza kutsekeredwa kunja kwa mabuku ake omwe. Mgwirizano wabwino uyenera kunena momveka kuti mafayilo ndi a bungwe, ndipo likhoza kuwatenga onse likafuna kusamukira kwina.

Nkhani ina ndi ya chinsinsi. Fayilo ya wogwira ntchito imakhala ndi malipiro ake, ngongole zake, mayina a ana ake, nthawi zina ngakhale za umoyo wake. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira mmene mabungwe akusungira mbiri zoterezi, ndipo linaika zofunika kutsata pozitumiza kunja kwa dziko. Mapulogalamu ambiri tsopano amafuna kuti munthu, kuwonjezera pa mawu achinsinsi, alembenso nambala yotumizidwa pafoni yake asanalowe. Chitetezo chimenechi chimatha mphamvu ngati anthu a mu ofesi imodzi akubwerekana mawu achinsinsi, chifukwa mapazi amene atsala amakhala a munthu wina.

Mbali ya anthu a m'mawadi

Pulogalamu, ngakhale itakhala yatsopano bwanji, imadziwa zokhazo zimene yauzidwa. Siingaone ngati mphunzitsi amene walembedwa pa sukulu ina amafikadi m'kalasi, kapena ngati mlangizi amene akuoneka m'buku anasamuka chaka chatha. Amene amadziwa zimenezi ndi makolo, mafumu, makomiti a sukulu, makomiti a zipatala, ma VDC ndi ma ADC. Maso awo ndi amene amatsimikizira ngati zolembedwa m'kompyuta zikugwirizana ndi zochitika m'mudzi.

Komiti ya sukulu kapena ya chipatala ikhoza kufunsa kuti ndi ogwira ntchito angati amene analembedwa pa malo awo, n'kuyerekeza ndi amene amawaona tsiku ndi tsiku. Pakakhala kusiyana, nkhaniyo ipite kwa khansala kapena ku ADC kuti ifike ku ofesi ya bwanamkubwa. Wogwira ntchito m'boma akamwalira, abale ayenera kudziwitsa ofesi yake msanga ndi kulembetsa imfayo ku NRB. Kutero kumatseka mpata wa chinyengo komanso kumathandiza kuti chipukuta misozi ndi penshoni zisachedwe. Ogwira ntchito nawonso aziwerenga pepala lawo la malipiro mwezi uliwonse, makamaka msonkho ukangosintha, ndipo aonetsetse kuti dzina ndi tsiku lobadwa zimene zili mu fayilo zikufanana ndi za pa chitupa cha unzika. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kumene kukuoneka kochepa lero kukhoza kudzachedwetsa penshoni pa tsiku lopuma.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nkhani yogula kapena kusintha pulogalamu yotere ikafika pa msonkhano wa khonsolo, makhansala ali ndi mafunso oyenera kufunsa m'malo mwa anthu amene anawasankha: mafayilo azisungidwa kuti, lendi yake ndi ndalama zingati pachaka ndipo izilipidwa m'ndalama yanji, ndani aziyesa zosintha zisanayambe kugwira ntchito, ndani aziwerenga mapazi a osintha mayina, ndipo malipiro adzatuluka bwanji mwezi umene netiweki idzasowe. Mayankho a mafunso amenewa ayenera kulembedwa m'mabuku a msonkhano, kuti anthu a m'mawadi adzathe kuwalondola.