Kuyendetsa Galimoto Mtunda Wautali M'dzinja

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe kudzera pa Zalewa ndi makilomita oposa 300. Pakati pa Disembala ndi Malichi si kawirikawiri munthu kumaliza ulendowu osakumana ndi mvula. Mukhoza kunyamuka dzuwa likuswa mtengo, koma pofika ku Ntcheu kwada bii, ndipo ku Dedza nkhungu yaphimba msewu.

Chimene chimagwira galimoto pamsewu ndi kachigawo ka tayala kongofanana ndi chikhatho cha munthu. Mizere yozokotedwa patayala ija ntchito yake ndi kukankhira madzi kumbali kuti mphira ukhudze phula. Liwiro likakula, kapena mizereyo ikatha, madzi sapeza mpata wothawira. Tayala limakwera pamwamba pa madzi n'kuyamba kuyandama. Dalaivala amamva chiwongolero chikupepuka, ndipo akachikhotetsa galimoto simvera. Apa ambiri amaponda buleki mwamantha, galimoto n'kuzungulira. Choyenera ndi kuchotsa phazi pamoto pang'onopang'ono, chiwongolero chili chowongoka, mpaka matayala agwirenso pansi. N'chifukwa chake matayala akaunjika, amene ambiri timawakonda chifukwa chotsika mtengo, amandidetsa nkhawa kwambiri m'dzinja. Ambiri amafika mizere yawo itaperepeseka kale.

Mvula yoyamba nayo ili ndi msampha wake. Fumbi ndi mafuta zimene zaunjikana paphula chilimwe chonse zimasakanikirana ndi madzi, msewu n'kuterera koposa. Pamsewu wonyowa galimoto imafuna mtunda wochuluka pafupifupi kawiri kuti iime, choncho musamamatire kumbuyo kwa mathiraki, amenenso amakuwazani madzi pagalasi. Yatsani nyali ngakhale masana. Sikuti muone inu nokha, koma kuti wakabaza ndi mayi wosenza mtolo m'mphepete mwa msewu akuoneni msanga. Chithaphwi chilichonse muchiyese dzenje.

Choopsa kuposa zonsezi ndi madzi oyenda odutsa pamsewu kapena pamwamba pa mlatho. Madzi akuya masentimita 30 okha amatha kuyandamitsa galimoto yaing'ono, ndipo ofika masentimita 60 amakokolola ngakhale zikuluzikulu. Injini ikamwa madzi kudzera polowera mpweya imazima pomwepo, nthawi zina n'kuwonongekeratu. Komanso madzi amatope amabisa zimene zachitika pansi. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adadula msewu wa M1 ku Chikwawa, ndipo Freddy mu Malichi 2023 adagumula misewu ndi milatho yambiri m'chigawo chakummwera. Phula limatha kuoneka lilipo pamene dothi la kunsi kwake lapita kale. Kuona basi itawoloka si umboni woti inunso muwoloka.

M'mapiri ngati a Chiweta kapena potsetsereka kupita ku Thabwa, tsikani ndi giya yamphamvu yochepetsa liwiro, osadalira mabuleki okha, ndipo yang'anirani miyala yogumuka. Mukadutsa m'madzi, pondani buleki mopepuka kangapo kuti aume.

Mawaipa akalephera kupukuta galasi, ulendo uyambe waima. Patukani pamalo ogulitsira mafuta kapena pamsika, kutali ndi phula ndi mitengo, osati m'mphepete mwa msewu momwe wobwera kumbuyo sangakuoneni. M'dzinja nyamukani m'mamawa, ndipo amene akukudikirani muwauziretu kuti mufika mochedwa.