Mawu Ofotokozera Kuthetheka kwa Mafunde pa Wayilesi za Morse

Alembi ndi aphunzitsi amene amamasulira nkhani za wayilesi amakumana ndi mawu a Chingerezi akuti "key click". Kuwamasulira kuti "kulira kwa kiyi" n'kulakwa, pakuti pano sipakukambidwa za kiyi wa chitseko. Pofuna kupeza mawu oyenera, n'kofunika kuyamba tamvetsa chinthucho.

1. Chodinira

Anthu amene amagwiritsa ntchito wayilesi mongoikonda, osati ngati ntchito yolipidwa, amatumizirana uthenga wa Morse pa mayiko. Ngakhale kuti mu 2003 bungwe la ITU linachotsa lamulo loti aliyense wofuna chilolezo ayambe wadziwa Morse, ambiri sanaisiye. Wotumiza amadina kachitsulo kamene kamayatsa ndi kuzimitsa funde la wayilesi. Kachitsuloka kangatchedwe "chodinira". Kudina kwakufupi ndi "kadontho", ndipo kwakutali, kofanana ndi timadontho titatu, ndi "kamzere". Pa liwiro la mawu 20 pa mphindi, kadontho kamatenga mamilisekondi 60. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

2. Kuthetheka

Funde likayatsidwa kapena kuzimitsidwa mwadzidzidzi, mphamvu yake sikhala pa malo ake okha koma imamwazikira ku malo oyandikana nawo. Anthu amene akumvetsera uthenga wina pafupi amamva "the! the!" nthawi iliyonse imene wotumizayo wadina kapena kusiya chodinira, ndipo uthenga wawo umasokonezeka. Mawu akuti "kuthetheka" akuyenera pano chifukwa nkhuni zikamathetheka, moto umalumphira kumene sunafunike. Polemba, "h" asasiyidwe: "kuthetheka", osati "kuteteka".

3. Kusalaza funde

Mankhwala a vutoli ndi kuchititsa funde kukula pang'onopang'ono poyamba ndi kutha pang'onopang'ono pomaliza. Ichi chingatchedwe "kusalaza funde". Akatswiri amalangiza nthawi ya mamilisekondi pafupifupi 5 poyamba ndi ena 5 pomaliza. Nthawiyi ikachepa kwambiri, kuthetheka kumabwerera. Ikachuluka, timadontho timalowererana ndipo womvera amalephera kusiyanitsa zilembo, makamaka pa liwiro lalikulu. Motero kusalaza sikutanthauza kufewetsa kopanda malire. Mu wayilesi zakale ntchitoyi inkachitidwa ndi tizipangizo totchedwa capacitor ndi resistor; mu wayilesi zambiri zamakono mwini wake amasankha yekha nthawiyo.

4. Mawu osayenera kusakanizidwa

Kuthetheka n'kosiyana ndi "chirp", kumene ndi kusintha kwa kamvekedwe ka liwu, kukwera kapena kutsika, pamene chodinira chadinidwa. Kumeneku kungatchedwe "kugwedera kwa liwu". Omvera amasiyanitsa ziwirizi popereka lipoti la RST: chilembo K chimaimira kuthetheka, C kugwedera. Womasulira akagwiritsa ntchito liwu limodzi pa zonse ziwiri, wophunzira adzakonza mbali ya wayilesi imene ilibe vuto, ndipo anzake adzapitirizabe kuvutika ndi phokoso lake.