Za Bwalo la Mzinda wa Gwelo

Inu abale a ku migodi ya ku Shurugwi ndi a m'mafamu, amene mumapita ku Gweru pa tsiku la malipiro, tamverani za bwalo limene linkasamala mzindawo dzina lake likali Gwelo.

Gwelo unalandira bwalo lakelake m'chaka cha 1914. Akuluakulu a bwalolo ankasankhidwa ndi eni nyumba okhoma msonkho wa malo, ndipo masiku amenewo eni otere anali Azungu. Nkhani za madzi, misewu, msika ndi zimbudzi zinkayamba zakambidwa m'timabwalo tating'ono. Pofika pa msonkhano waukulu pamaso pa Meya, zambiri zinali zitapsa kale. Kalaliki wa mzinda ankalemba zonse m'buku.

Koma za ku lokeshoni ndizo zoyenera kuzilingalira. Bwalo linkagulitsa mowa m'nyumba yake ya mowa, monga unayambira mzinda wa Durban, ndipo phindu lake ndilo linkathandiza pa zosowa za m'lokeshonimo. Motero munthu wa ku Nyasaland womwa chipanda chake Loweruka ankalipira mpopi wa pakhomo pake, osafunsidwa kuti auike pati. Pambuyo pake anthu akuda anapatsidwa kabwalo kolangiza, koma mau ao anali opempha chabe.

Ufulu unadza mu 1980, dzina linasintha mu 1982. Lero dera lililonse la mzinda limasankha khansala wake, ndipo mpopi ukauma ku Mkoba mkafunse iyeyo.