MPHUNZITSI AMENE ANASANDUTSA BWALO LA SUKULU KUKHALA DIMBA

Sukulu zathu zambiri zili ndi bwalo losesedwa mbee, lopanda ngakhale udzu. Ana amaphunzira za mavitamini pa bolodi, koma akatuluka panja amangopeza fumbi. Ichi ndicho chinawakhudza Bambo Mugove Walter Nyika, amene anali mphunzitsi ku Zimbabwe.

Bambo Nyika anasiya choko nayamba kutsogolera bungwe la SCOPE, limene linakhazikitsidwa m'dzikomo mu 1994 kuti lithandize sukulu kulima zakudya pa malo awo. Pambuyo pake anatsogolera ReSCOPE, imene inafalitsa ntchitoyi ku Malaŵi, Zambia, Kenya ndi Uganda. Mu 2009 iwo anali m'gulu la anthu amene anakonza msonkhano wa maiko onse wa ulimi wa mtundu umenewu kuno ku Malaŵi.

Njira yake njosavuta. Aphunzitsi, ana ndi makolo amayendera limodzi malo a sukulu, kuona kumene madzi a mvula amathamangira ndi kumene zinyalala zimatayidwa. Madzi otayika pa mjigo amawalondolera ku nthochi ndi mapapaya. Masamba amene kale ankatenthedwa amasanduka manyowa, kapena amaphimbira nthaka kuti chinyezi chisathe msanga. Potero phunziro la sayansi limachoka m'buku nkulowa m'mbale.

Phunziro limeneli nlofunika kwa Mfumu Mposa, m'boma la Machinga. Mabanja ambiri kumeneko amadalira nsomba za m'nyanja ya Chilwa, makamaka matemba, kuti apeze ndiwo. Koma nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inaumanso. Nsomba zikasowa, woyamba kuonda ndi mwana.

Dimba la pa sukulu limachepetsa vuto lotere. Bonongwe, chisoso, nkhwani ndi chammwamba zimapatsa thupi vitamini A, amene amateteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda. Nandolo, khobwe ndi mtedza ndi zakudya zokulitsa, ndipo zimabwezera chonde m'nthaka. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, dimba lokha lingapereke asanu. Lotsala ndi la zanyama basi.

Aphunzitsi inu, simufunika kusiya ntchito monga anachitira Bambo Nyika. Kambiranani ndi komiti ya sukulu pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, pemphani mbewu kwa makolo, ndipo yambani ndi bedi limodzi pafupi ndi mjigo mvula isanagwe. Mwana amene wadzala bonongwe ndi manja ake sadzamutchulanso udzu.