Mau Okuta Anthu Onse Pamodzi

Mwana wa Sitandade 4 akalemba kuti "Mbuzi zimadya udzu," mphunzitsi amchongera mosakayika. Mwana yemweyo akalemba kuti "Atsikana amalephera masamu," mphunzitsi wosachenjera angathe kumchongeranso, pakuti chiganizocho chamangidwa bwino: dzina lili pamalo pake, ndipo mneni agwirizana nalo. Komatu choyambacho chinena chibadwa cha nyama, pamene chachiwiricho chiweruza ana amene wolembayo sanawaone, pamodzi ndi mtsikana wokhala naye pa benchi limodzi, amene mwina amposa pa masamu omwewo.

Gwero la nkhaniyi lili mu mphatikiram'kati -ma- wa nthawi ya kawirikawiri. Ntchito yake ndiyo kusonyeza chizolowezi, koma sanena kuti ochitawo ndi angati. Tsono dzina lochulukitsa likaima lokha patsogolo pa mneni wotere, wakumva amadziikira yekha liu lakuti "onse," ngakhale wolankhulayo sanalitchule. Ndipo akafunsidwa, wolankhulayo ali ndi pothawira: "Kodi ndati onse?"

Chinenerochi sichisowa mau oyezera. Pa kuchuluka kwa anthu alipo akuti onse, ambiri, ena ndi owerengeka. Pa nthawi alipo akuti nthawi zonse, kawirikawiri, nthawi zina ndi kamodzikamodzi. Munthu woona mtima amasankha liu lolingana ndi zimene waona. Wofuna kunyoza amawasiya dala, kapena amatenga dzina la munthu mmodzi kuti liimire gulu lonse, monga pakunena kuti "Munthu wa kumudzi sasunga nthawi." Mphatikiram'mbuyo chi- nayenso amagwira ntchito yomweyo mobisika. Pakunena "chakudya chachizungu" palibe wolakwiridwa, koma mau akuti "wachita zachimidzi" atonza midzi yonse chifukwa cha munthu mmodzi.

Akale anati nsomba ikaola imodzi, zaola zonse. Mwambiwu ngwoona m'dengu la nsomba, ndipo ngwabwino pochenjeza mwana kuti asachititse manyazi abale ake. Ukachoka pakamwa pa mlangizi n'kulowa pakamwa pa woweruza, usanduka chida chosalungama, pakuti anthu saola chifukwa chogundana.

Mau okuta olemera koposa ndiwo maina opatsidwa ndi anthu akunja. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, anthu ambiri anaoloka kuchokera ku dziko la Apwitikizi, Mozambique, nadzakhala ku Mulanje, ku Thyolo ndi m'maboma oyandikana nawo, kumene ambiri anagwira ntchito m'minda ya azungu. Anali a magulu osiyana, monga Amihavani, Amanyawa, Atakhwani ndi Akhokhola, koma onsewo anaunjikidwa pansi pa dzina limodzi lakuti "Anguru." Dzinalo linasenza chitonzo cha umphawi ndi ulendo, pamodzi ndi nkhambakamwa za zakudya zawo. Mu 1943 Lewis Bandawe ndi anzake anayambitsa bungwe loimira Alomwe, ndipo boma la Nyasaland linalola kuleka dzinalo m'makalata ake. Komabe chitonzo sichitha ndi lamulo: mabanja ambiri analeka kulankhula Chilomwe, ndipo adzukulu awo anakula osachidziwa.

Amene anatonza anzawo kwawo kuno anakalawa zomwezo kunja. Opita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, dziko limene latchedwa Zimbabwe kuyambira 1980, ankatchedwa "Mabhurandaya," ndiko kuti a ku Blantyre, ngakhale munthu atachokera ku Nkhata Bay kapena ku Dedza, osaupondako mzindawo.

Izi sizitanthauza kuti mphunzitsi aletse mau okuta. Popanda iwo palibe phunziro: sangaphunzitse za ulimi popanda kunena kuti chimanga chimafuna mvula, kapena za ukhondo popanda kunena kuti ntchentche zimafalitsa matenda. Chimene ana ayenera kuphunzira ndicho kufunsa mafunso awiri, chiganizo chikamanena za anthu: "Ndi angati?" ndiponso "Wawaona ndani?"

Njira yake njosavuta. Mphunzitsi alembe pa bolodi ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zina za nyama ndi mbewu, zina za anthu, ndipo ana aike m'chiganizo chilichonse liu loyenera mwa onse, ambiri, ena kapena owerengeka, nafotokoze chifukwa chake. Mtsutso ukabuka, ausiye upite patsogolo pang'ono, pakuti phunziro lili momwemo. Zitsanzo za anthu zikhale za ntchito, monga asodzi, alimi ndi aphunzitsi omwe. Asatenge dzina la mtundu wa mwana aliyense wa m'kalasimo, chifukwa chiganizo cholembedwa pa bolodi chimafufutika ndi nsanza, koma anzake adzachibwereza pa bwalo nthawi yopumula.